Wikendi ku Dandeli nthawi ya monsoon: mafunso amene anzathu amafunsa asanasonkhe ndalama

Chaka chilichonse ikangofika July ndi August, nthawi ya monsoon, imene ndi nyengo ya mvula ya ku India, a Malawi amene akuphunzira ku Bengaluru, Pune ndi Mysuru amayamba kukokana zopita ku Dandeli, chifukwa malo ogona amatchipako komanso zithunzi za nkhalango yobiriwira ija zimakopa. Mafunso ake amakhala omwewomwewo nde ndangowasonkhanitsa pamodzi kuti ndisamangobwereza.

Dandeli ndi kuti kwenikweni?

Ndi katauni ka m'boma la Uttara Kannada ku Karnataka, m'mapiri a Western Ghats, m'mphepete mwa mtsinje wa Kali. Kuchokera ku Bengaluru ndi makilomita pafupifupi 460, ku Hubballi pafupifupi 75, ku Dharwad pafupifupi 55. Tauni yeniyeniyo musaiyembekezere kwambiri, ndi ya fakitale ya mapepala ndi malo osungira matabwa, ndipo mphepo ikatembenuka fungo la fakitale limamveka ndithu. Chimene anthu amapitira ndi nkhalango yozungulira, imene ili mbali ya Kali Tiger Reserve, dzina limene anaipatsa mu 2015, kale inkatchedwa Dandeli-Anshi. Malo ambiri ogona amene mumawaona pa Instagram sali m'tauni, ali kutchire cha ku Ganeshgudi, Kulgi ndi Joida, ndipo kusiyana kumeneku kumadzaoneka mvula ikavuta.

Monsoon imayamba liti, ndipo mvula yake ndi yotani?

Imafika ku Kerala chakumayambiriro kwa June kenako imakwera gombe lonse mpaka ku Karnataka ndi Goa, nkudzatha chakumapeto kwa September. July ndi theka loyamba la August ndi pamene imakhala pachimake. Mphepo yonyowa imachokera ku Arabian Sea nkudzagunda mapiri, nde madzi onse amakhuthukira pomwepo. Sikuti imagwa masana nkukata madzulo ayi, ndi mvumbi wolemera woti umatha kugwa masiku angapo osapuma, zovala sizimauma, thawulo limayamba kununkha chuku tsiku lachiwiri lomwe.

Dandeli yeniyeniyo ili kuseri pang'ono kwa mapiri nde imalandira yochepa poyerekeza ndi pamwamba penipeni cha ku Castle Rock ndi Anshi. Koma madzi ambiri a kumtunda amadzadutsa pa Dandeli pomwepo, onani funso la dzuwa lili m'munsimu.

Nde tipite kapena tisapite?

Mutha kupita, bola mudziwe chimene mukupitira. Ngati mukufuna nkhalango, nkhungu, mbalame, tiyi wotentha pakhonde ndi macheza, monsoon ndi nthawi yabwino zedi ndipo simudandaula. Ngati mukupitira rafting (kutsetsereka ndi bwato la mpira pamadzi othamanga), kusambira ndi kujambulitsa pansi pa mathithi, dikirani November kapena December, apo bii mukawononga ndalama nkubwerako mutakwiyirana.

Ine maganizo anga ndi oti chigamulo chisamadikire Lachisanu madzulo aliyense atanyamula kale chikwama, chifukwa pamenepo palibe amene amafuna kuoneka wamantha ndipo gulu limapita olo zinthu zikuoneka kuti sizili bwino. Gwirizanani musanasonkhe ndalama kuti chikachitika chakutichakuti ulendo wafa, ndipo pasakhalenso kukambirana. Chakutichakuticho chili m'funso lotsatirali.

Ma alert achikasu, a orange ndi ofiira aja amatanthauza chani?

Amatulutsa ndi a zanyengo, a India Meteorological Department, boma lililonse ndi mtundu wake, nde inu muziona mzere wa Uttara Kannada, komanso Dharwad ndi Belagavi ngati mukudzera kumeneko. Kunena mwachidule wachikasu ndi woti khalani tcheru, wa orange konzekani, wofiira chitanipo kanthu. Pa kuchuluka kwa madzi, mvula imene amaitcha yamphamvu imayambira mamilimita 64.5 pa maola 24, yamphamvu kwambiri imayambira 115.6, ndipo ikapitirira 204.4 ndi imene imabwera ndi alert yofiira.

Wachikasu nthawi ya monsoon ndi wamasiku onse, mukamadikira tsiku lopanda alert simudzapita. Wa orange mutha kupita ngati mukudzera ku Dharwad ndipo malo ogona ali pafupi ndi tala. Wofiira musapite, basi. Chizindikiro china chimene ine ndimachikhulupirira kuposa ma app ndi DC, bwanamkubwa wa boma. Mukamva kuti DC wa Uttara Kannada walengeza kuti sukulu zitsekedwe chifukwa cha mvula, makamaka ngati pamndandanda pali Dandeli, Joida, Haliyal kapena Yellapur, dziwani kuti anthu okhala komweko sakufuna ana awo ayende pamsewu umene inu mukufuna kuyendapo ndi galimoto ya hayala.

Musamaone za tsiku limodzi lokha. Phiri limagumuka chifukwa cha madzi amene lamwa sabata yonse, nde Loweruka la alert yachikasu lobwera pambuyo pa masiku anayi ofiira ndi loopsa kuposa Loweruka la orange lobwera nthaka ili youma.

Tidzere njira iti?

Ya kummawa, ya Dharwad kudzera ku Haliyal. Ilibe zitunda zoopsa ndipo mabasi a boma amayenda tsiku lonse. Ochokera ku Bengaluru kwerani basi ya usiku yolunjika, kapena sitima ya Rani Chennamma Express nkukatsikira pa Dharwad kapena pa Alnavar, pamene pali pafupi kwambiri ndi Dandeli. Ofuna kuyenda masana pali sitima ya Vande Bharat yofika ku Dharwad, inayamba mu 2023, koma ndiyodulirapo. Vuto la njira imeneyi ndi mitengo yogwa ndi timilatho tating'ono tomizidwa, zinthu zoti zimachedwetsa maola angapo koma zimatha.

Njira zochokera kunyanja ndi nkhani ina. Ya ku Goa kudzera pa Anmod ghat ndi Ramnagar, ya ku Karwar kudzera ku Kadra ndi Anshi, ya ku Ankola kukwera Arabail ghat kupita ku Yellapur, zonsezi zimakwera phiri m'misewu yosemedwa m'mbali mwa chitunda ndipo zimatsekedwa kawirikawiri. Amene anaona napolo ku Phalombe kapena zimene zinachitika ku Chilobwe mu March 2023 sakufunika kumufotokozera, ndi zomwezo, dothi ndi miyala ndi mitengo kutsika limodzi. Pa 16 July 2024 phiri linagumuka pa Shirur pafupi ndi Ankola, pamsewu waukulu wa NH 66, linakokolola kashopu ka tiyi ndi malole amene anaima pomwepo nkukaponya zina mu mtsinje wa Gangavali. Anthuwo sankathamanga kapena kuchita zopusa, anangoima kuti apume pansi pa chitunda chosemedwa. Patangotha masabata atatu, usiku wa pa 7 August, mlatho wakale wa pa Kali pafupi ndi Karwar unagwa lole ili pamwamba. Nde plan ija ya "tikaone Dandeli kenako titsikire ku Gokarna kapena ku Goa Lamulungu" isungeni, mudzaichite mu December.

Anzathu a ku Pune, njira yanu ndi NH 48 kudzera ku Kolhapur ndi Belagavi, nthawi zambiri ilibe vuto, koma mu August 2019 mtsinje wa Panchganga unamiza msewuwu pafupi ndi Kolhapur ndipo unatsekedwa masiku angapo. Muzionanso alert ya Kolhapur.

Rafting imakhalapo?

Nthawi zambiri ayi. Rafting ya pa Kali imayambira cha ku Ganeshgudi, kumunsi kwa damu la Supa, ndipo imadalira madzi amene amatuluka akamapanga magetsi. Monsoon ikalimba akuluakulu a boma amaimitsa masewera a pamadzi. Pa foni wina akhoza kukuuzani kuti "bwerani basi zonse zikuyenda", mukafika nkupeza kuti chimene chikuyenda ndi swimming pool ndi kuvina pansi pa mipope yothira madzi. Funsani mwachindunji kuti rafting yaitali ikuchitika sabata ino kapena ayi, ndipo akuyankheni pa WhatsApp kuti pakhale umboni. Munthu akakuuzani kuti yaletsedwa koma iye akhoza kukutengani mwamseri, mukaneni.

Kunja kwacha, dzuwa likuwala, bwanji akutiletsa kutsikira kumtsinje?

Funso ili ndi limene limayambitsa mikangano kwambiri, anyamata amaona ngati mlonda akungofuna kuvuta kapena akufuna kenakake. Koma Kali si mtsinje woti umayendera mvula ya pamutu panu. Uli ndi madamu motsatizana, Supa kumtunda kwa Dandeli, kenako Bommanahalli, Kodasalli ndi Kadra kumunsi. Supa ndi chikhoma cha konkire chotalika mamita 101 kupita m'mwamba, ndipo nyanja yake imatenga madzi a mapiri onse akumtunda. Akawonjezera makina a magetsi kapena akatsegula zitseko chifukwa damu ladzadza, madzi amakwera kumunsi mwakachetechete, popanda bingu popanda mtambo. Mwala umene munakhalapo ndi mapazi m'madzi mukudya chipisi, pakangopita kanthawi mupeza kuti njira yobwerera kumtunda yamira ndipo madziwo ndi ofiira, simukuonanso pansi. Amachenjeza ndithu, koma chenjezo limapita kwa anthu a m'midzi m'Chikannada, chiyankhulo cha komweko, inu mlendo muli pamwala simulimva.

Chachiwiri ndi ng'ona. Mu Kali pa Dandeli muli ng'ona zambiri moti anachita kutsegula malo oti anthu aziziona, ndipo zaka zapitazi zagwirapo anthu m'tauni momwemo. Madzi akasefukira zimasuntha, zimapezeka m'ngalande ndi m'malo amene masiku onse kulibe. Timitsinje ting'onoting'ono ta m'nkhalango natonso timadzadza mwadzidzidzi mvula ikagwa kuphiri kumene simukukuona. Ku Syntheri Rocks, pa mtsinje wa Kaneri, kusambira nkoletsedwa chaka chonse chifukwa pamira anthu.

Nanga ngati zonse zatsekedwa tikachita chani masiku awiri?

Mbalame. Ndikudziwa kuti wina waseka, koma dikirani muone hornbill yaikulu ikuuluka, mapiko ake amamveka isanaoneke. Ndi abale ake a nang'omba koma awa amakhala m'mitengo, ndipo ku Dandeli kuli mitundu inayi. Malo osavuta kuwaona ndi ku depoti ya matabwa ya boma m'tauni momwemo, mmamawa mvula ikapumirako, amabwera kudzadya nkhuyu. Ku Ganeshgudi kuli Old Magazine House kumene okonda mbalame amakhala tsiku lonse ndi makamera.

Safari ya jipi imanyamukira ku Phansoli, koma msewu ukawonongeka amaimitsa, nde funsani a zankhalango tsiku lomwelo. Olo ipite musayembekezere tiger kapena kambuku wakuda amene ali pa zikwangwani zonse uja, tchire limakhala lowirira, mwina muona agwape, njati za kuno ndi agologolo akuluakulu ofiirira. Mathithi a Magod ndi Sathodi cha ku Yellapur amakhala odzadza mochititsa mantha, Magod ndi wabwino chifukwa mumaonera patali muli pamwamba. Za mathithi a Dudhsagar iwalani, majipi sayenda nthawi imeneyi ndipo kuyenda m'njanji nkoletsedwa, mu July 2023 apolisi a njanji anabweza chikhamu cha anthu.

Zikakanika zonse pali kudya. Yesani jolada rotti, chigumu chopyapyala cha ufa wa mapira chimene amadyera mabiringanya, ndi ma pakoda a anyezi otentha. Nyamulani makadi kapena bawo yaing'ono, magetsi amazimazima.

Zoona kuti kuli misundu?

Kuli, yambiri, ndipo siili m'madzi mokha, imakhala pamasamba onyowa pansi. Mukaima malo amodzi kwa mphindi imodzi nkuyang'ana pansi muiona ikubwera, tinthu tating'ono ngati ulusi wakuda, kuima ndi mchira nkumagwedeza mutu uku ndi uku kenako kupinda msana kulunjika nsapato yanu. Imalowa pa mabowo a zingwe za nsapato, kudutsa sokosi, ndipo simumva kalikonse. Mumadzazindikira madzulo povula, sokosi ili magazi okhaokha msundu utakhuta kale nkugwa.

Siyoopsa. Magazi amachedwa kusiya chifukwa malovu ake amaletsa magazi kuundana, nde tsukani ndi sopo, panikizani ndi thonje, ikani pulasitala. Ngati ukadali pomwepo lowetsani chikhadabo pansi pa kamwa yake nkuukankhira kumbali, osaukoka. Anthu a komweko amanyamula kansalu komanga mchere kapena fodya nkumapaka pa nsapato. Pisirani thalauza mu sokosi olo muoneke ngati mlonda. Chimene chimavuta ndi kuyabwa kwa masiku otsatira, mukakanda chimasanduka chilonda.

Tinyamule chani?

Jekete la mvula, ambulera payokha sikwanira. Nsapato zogwira pansi ndi ma silipasi apadera, zovala zouma msanga osati jinzi, majumbo angapo okulungira foni ndi mapepala, tochi, pawa banki yodzadza, mankhwala othamangitsa udzudzu, panado ndi ORS. Usiku musayende opanda tochi ngakhale kungopita kuchimbudzi cha panja, njoka zimathawa madzi nkubwera pouma.

Kashi ndi yofunika. UPI, yolipirira pa foni ija, imagwira m'tauni koma kutchire netiweki imasowa, nthawi zina BSNL yokha ndi imene imagwirako pamene Jio ndi Airtel zafa, nde ngati wina pagulu ali ndi simu ya BSNL ameneyo musamusiye. Mapu a Google dawunilodani muli kunyumba.

Pasipoti tinyamule yeniyeni kapena fotokope ikwana?

Yeniyeni, pamodzi ndi viza ndi pepala lanu la FRRO, ofesi yolembetsa alendo akunja, zonse mu jumbo. Malo aliwonse ogona amayenera kulembetsa mlendo wakunja pa Form C pasanathe maola 24, ndipo ma homestay ena ang'onoang'ono sanalembetse kuti azitha kuchita zimenezi. Amalandira bukingi pa intaneti osadziwa kuti ndinu akunja, mukafika usiku mutanyowa nkuyamba kukanda mutu. Auzeni pa foni musanalipire kuti ndinu ophunzira ochokera kunja ndipo afunika Form C. ID ya kukoleji nyamulaninso, pa mageti a zankhalango akunja nthawi zambiri amalipira mtengo wokwera, mwina ingathandize mwina ayi.

Ulendo ukalephereka, adivansi imabwezedwa?

Zimatengera zimene munagwirizana, nde gwirizanani zolembedwa. Ambiri sabweza koma amavomera kusuntha tsiku, makamaka ngati msewu watsekedwa kapena kuli alert yofiira. Lipirani kachigawo kochepa, osati zonse. Wikendi ya pa 15 August, tsiku la ufulu wa India, ndi ya chikondwerero cha Ahindu cha Ganesh Chaturthi kumadzadza ndipo eni malo saumva zosuntha tsiku.

Pagulu panu sankhani msungichuma mmodzi ndipo aliyense asonkhe kandalama kapadera kokwanira usiku umodzi wowonjezera ndi tikiti yatsopano yobwerera. Kasakhudzidwe pogula nyama yowotcha Loweruka. Mukabwerako bwinobwino mugawana.

Tatsekeredwa, ndi Lamulungu ndipo mawa kuli kalasi, titani?

Khalani pomwe muli. Kalasi imodzi kapena atendansi si chifukwa chowolokera mlatho womizidwa. Madzi ofika m'mawondo okha ngati akuthamanga amagwetsa munthu, ndipo galimoto yaing'ono imayandama msanga kuposa mmene mumaganizira, komanso simudziwa ngati pansipo tala idakalipo. Dalaivala wa komweko akakana kudutsa musamuwonjezere ndalama kuti ayesere. Mukakhala pamzere wodikira kuti achotse dothi pamsewu musaime pansi pa chitunda, chifukwa chake ndafotokoza pa funso la njira.

Mwini malo ogona ndi amene amamva nkhani msanga kudzera kwa madalaivala ndi a zankhalango, nde mumufunse iyeyo osati Google. Nambala yangozi ndi 112, ambulansi 108. Tumizani uthenga ku ofesi ya ophunzira akunja ya kukoleji kwanu pamene netiweki ilipo, ndi chithunzi cha msewu kapena chilengezo cha DC. Akunyumba auzeni inu nokha mwachidule kuti muli pouma ndipo mukudya, asanaone mavidiyo a madzi osefukira pa Facebook nkuyamba kuimbira abusa. Mafoni zimitsani ena, muziyatsa imodzi imodzi.

Njira yabwino yopewera zonsezi ndi kunyamuka ku Dandeli Lamulungu masana kudakali kowala nkukadikira basi kapena sitima ya usiku ku Dharwad kapena ku Hubballi.

Tinamva kuti kumeneko kuli anthu akuda ngati ife, nzoona?

Nzoona, ndi a Siddi. Amakhala m'midzi ya m'nkhalango cha ku Haliyal, Yellapur, Mundgod ndi Ankola. Makolo awo anachokera kummawa ndi kummwera chakummawa kwa Africa, ambiri anabwera nawo ndi Apwitikizi ngati akapolo ku Goa kuchokera mbali ya Mozambique, ndipo anathawira m'mapiri amenewa. Lero amayankhula Chikonkani ndi Chikannada, ena ndi Akhristu, ena Asilamu, ena Ahindu. Boma la India linawaika m'gulu la Scheduled Tribes, mitundu imene boma limaiganizira mwapadera, mu 2003, ndipo mu 2020 Shantaram Siddi anasankhidwa kulowa mu Legislative Council, imodzi mwa nyumba za malamulo za Karnataka.

Mukakwera basi ya Haliyal mutha kukhala pampando umodzi ndi mayi wovala sari koma nkhope ngati ya kwathu, ndipo mwina kondakitala akuyankhulani Chikannada poganiza kuti ndinu a komweko. Apatseni moni ngati munthu wina aliyense. Musawajambule osapempha, inunso mukudziwa mmene zimawawira anthu akamakutulutsirani foni pamsewu. Ndipo musapite m'midzi mwawo nthawi ya madzi osefukira kukangoona, misewu yake ndi yadothi ndipo iwo amakhala ali kalikiliki ndi minda ya mpunga.

Tabwerako koma mmodzi watentha thupi, ndi malungo?

Mwina, koma musathamangire kumwa LA amene munabwera naye kuchokera kumudzi. Nthawi ya monsoon kuno dengue ndi yofala, ndipo ngati munayenda m'madzi osefukira kapena m'matope muli ndi mabala a misundu aja palinso leptospirosis, matenda ochokera ku mkodzo wa makoswe ndi ziweto. Amatha kuyamba patapita masiku angapo mpaka masabata awiri kapena kupitirira, ndi kutentha thupi, mutu, kuwawa kwa akatumba a miyendo ndi maso ofiira, ndipo akachedwa amawononga impso. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukamuuze dokotala kuti munali ku Dandeli ndipo munaponda madzi osefukira, kuti adziwe zoyeza. Podikira zotsatira imwani panado ndi madzi ambiri basi, brufen ndi aspirin ayi, chifukwa ngati ili dengue zimawonjezera kutaya magazi. Ena onse amene munali nawo auzeninso kuti azidzimvetsera kwa masabata atatu.